Kanema wolipira wa digito: mpikisano ndi malamulo ake m'Malawi

Kanema wolipira ndi ntchito imene munthu amapereka ndalama mwezi ndi mwezi kuti aziwonera mapologalamu kudzera pa dikoda. M'dziko muno kanemayu amafika pakhomo m'njira ziwiri. Yoyamba ndi ya setilaiti, yomwe imafuna dishi, monga DStv ndi Azam TV. Yachiwiri ndi ya nsanja zozikidwa pansi, yomwe imangofuna eriyo ndi dikoda, monga GOtv ndi Kiliye Kiliye.

Chiyambi chake

Mu 2006, mayiko a mu Africa, Europe ndi madera ena adagwirizana ku Geneva, pansi pa bungwe la ITU, kuti pofika pa 17 June 2015 akhale atasiya kuulutsa kanema m'njira yakale ya analogi. Mu 2010 mayiko a SADC adasankha luso la DVB-T2, ndipo dziko la Malawi lidayamba kuulutsa kanema wa digito kumapeto kwa 2013.

Ubwino wa digito ndi wakuti mpata umodzi wa mumlengalenga, womwe kale unkanyamula tchanelo imodzi, tsopano umanyamula matchanelo ambiri. Pofuna kuti nyumba youlutsira kanema iliyonse isamavutike kuzika nsanja zakezake, boma lidakhazikitsa kampani ya Malawi Digital Broadcast Network Limited (MDBNL) kuti izinyamula matchanelowo. Kampaniyi ndiyo mwini wa Kiliye Kiliye.

Oyang'anira ntchitoyi

Bungwe la MACRA, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la zamauthenga la 1998, ndilo limapereka ziphaso ndi kugawa mipata youlutsira. Lamulo latsopano la 2016 limalamula kuti kampani yokhala ndi chiphaso isasinthe mitengo popanda chilolezo cha MACRA. Nalo bungwe la Competition and Fair Trading Commission (CFTC) limaonetsetsa kuti makampani asapondereze anzawo pa malonda kapena kudyera ogula masuku pamutu.

Mkangano wa 2023

Mphamvu ya lamuloli idayesedwa pa nkhani ya DStv. Mu January 2023, MACRA idalipiritsa MultiChoice Malawi chindapusa cha K10 miliyoni chifukwa chokweza mitengo ya DStv popanda chilolezo. Kampaniyi inkanena kuti si iyo imaika mitengoyo, koma MultiChoice Africa Holdings, yomwe ili kunja kwa dziko lino.

Mitengo ina itati ikwere mu August 2023, MACRA idakatenga chiletso ku bwalo lalikulu la milandu. Mwezi womwewo MultiChoice Africa Holdings idalengeza kuti yasiya kupereka DStv m'Malawi. Ntchitoyi idayambiranso mu December 2023 bwaloli litapereka chigamulo chake.

Pa miyezi yonseyi GOtv, yomwe imadzera pa nsanja za m'dziko muno, idapitiriza kugwira ntchito. Apa padaonekera kusiyana kwa njira ziwirizi: kanema wa pa nsanja amaulutsidwa kuno ndipo mwini chiphaso amadziwika bwino, pomwe wa pa setilaiti amachokera kunja, ndipo malire a mphamvu za MACRA pa iye adafika pokazengedwa kukhoti.

Tanthauzo lake kwa anthu a ku Nkhunga

Dera la Nkhunga, kumpoto kwa boma la Nkhotakota, lili ndi anthu ambiri olandira malipiro: ogwira ntchito m'minda ndi pa fakitale ya shuga ya Dwangwa, aphunzitsi, apolisi, azaumoyo, kuphatikizapo alimi a nzimbe, asodzi ndi amalonda. Ena mwa amalondawa amapeza ndalama poonetsa mpira wakunja m'nyumba zoonetsera kanema, choncho mitengo ikakwera kapena kanema akazima, malonda awo amakhudzidwa.

Mphamvu ya kanema wa pa nsanja imachepa mtunda ukatalika ndiponso mapiri akatchinga, pomwe setilaiti imafika paliponse. Motero banja limene lili kutali ndi nsanja limangotsala ndi dishi, ngakhale eriyo ndi yotsika mtengo. Mpikisano umene anthu a ku Lilongwe ndi Blantyre amapindula nawo sufika wonse kumadera otere pokhapokha nsanja zitafalikira.

Zofunika kuziyang'anira

Kwa akuluakulu a m'maboma ndi m'maunduna, mpikisano pa kanema wolipira umatsamira pa zinthu zitatu. Choyamba ndi kufalikira kwa nsanja, kuti wogula akhale ndi posankha. Chachiwiri ndi mwayi wofanana kwa nyumba zoulutsira kanema za m'dziko muno, monga MBC, Times ndi Zodiak, kuti matchanelo awo azinyamulidwa pa mtengo woyenera. Chachitatu ndi ufulu woonetsa mpira wotchuka, pakuti kampani yomwe yagula ufuluwo imakopa ogula ambiri ngakhale mitengo yake ili yokwera.

Mu 2025 kampani ya Canal+ ya ku France idagula MultiChoice, yomwe ndi mwini wa DStv ndi GOtv. Kusintha kwa umwiniku sikuchotsa udindo wa mwini chiphaso wotsatira malamulo a dziko lino. Wogula amene sadakhutire ndi mitengo kapena ntchito yomwe walandira ali ndi ufulu wokadandaula ku MACRA kapena ku CFTC.