Mbalame za m'madambo a Luangwa m'chilimwe

Luangwa ndi mtsinje wa kum'mawa kwa Zambia umene umakathira mu Zambezi, ndipo chakumunsi kwake kuli dera la Mfumu Nyalugwe ya Ansenga, m'boma la Nyimba, moyandikana ndi Petauke. M'dzinja mtsinjewu umasefukira, kugumula magombe ndi kusintha njira yake, n'kusiya maiwe okhota ngati uta. Maiwewa pamodzi ndi madambo owazungulira ndiwo amasunga mbalame za m'chigwachi, ndipo nyengo yabwino yozionera ndi kuyambira Seputembala mpaka Novembala, chilimwe chili pachimake.

Mbiri yolembedwa ndi ya kumtunda kwa chigwa. M'chaka cha 1938 boma la atsamunda linapatula malo osungirako nyama kumeneko. Cha m'ma 1950 woteteza nyama wina dzina lake Norman Carr anagwirizana ndi Mfumu Nsefu zotsegula msasa wa alendo odzaona nyama, kuti ndalama zake zizithandiza anthu a mfumuyo. Mu 1972 malowa anakhala South Luangwa National Park, yokula makilomita 9,050 mbali zonse, ndipo mu 2007 madambo a Luangwa analembedwa m'kaundula wa pangano la Ramsar loteteza madambo. Mitundu ya mbalame yopezeka m'pakiyi imaposa 400. Kumunsi, m'boma la Nyimba, kuli West Petauke Game Management Area, kumene anthu amakhala ndi kulima, ndipo alenje amasaka ndi chilolezo cha boma.

Chimene chimakometsa chilimwe ndi kuchepa kwa madzi. Maiwe akamaphwa nsomba zimapanikizana m'matope, ndipo akakowa, adokowe ndi avuwo amasonkhana pamalo amodzi kudzavuula. Magombe nawo amaonekera poyera, ndipo afulagombe ofiira amabwera ambirimbiri kudzakumba mauna m'mene amaikiramo mazira. Nthawi yomweyo n'kuti ku Ulaya kukuyamba kuzizira, choncho anamzeze ndi mbalame zina zoyenda m'mphepete mwa madzi zimayamba kufika kuchokera kumeneko. Ena amati dzinja ndilo labwino, poti mbalame zochokera kutali zimakhala zafika zonse ndipo zambiri zikuswa. N'zoona, koma pamenepo madzi amakhala ponseponse, mbalame zabalalika, udzu watalika, ndipo misewu yafumbi yotsikira kuchigwa yasanduka matope. Ena amadandaula kutentha, ndipo m'pomveka: mu Okutobala kuchigwa kumatentha kupitirira madigiri 40. Komatu mbalame nazonso zimabisala dzuwa likakwera, motero woziona amalawirira m'mamawa, masana n'kukhala pamthunzi. Palinso amene amati kunja kwa paki kulibe choona. Iwowa amaiwala kuti mbalame imatsata madzi ndi chakudya, ndipo mtsinje wa kupakiko ndi womwewo wodutsa kwa Nyalugwe.

Anthu a m'chigwa anazidziwa kalekale mbalamezi asanabwere alendo a makamera. Nkhwazi, imene ili pa mbendera ya Zambia, imalira itagadamitsa mutu kumbuyo, ndipo msodzi akaiona itatera pamtengo wa pagombe amadziwa kuti padziwepo pali nsomba. Nantchengwa amamanga chisa chachikulu cha timitengo ndi matope pamphanda ya mtengo, cholimba moti munthu atha kuimapo, ndipo akuluakulu amaletsa ana kuchipasula poopa tsoka. Mwambowu, kaya unayamba bwanji, wateteza mbalameyi mopanda mlonda. Nsadzu siidalira dziwe, koma ofula uchi amaitsata m'thengo la mitsanya mpaka pamene pali njuchi, ndipo amaisiyira chisa cha uchi ngati malipiro. Alimi nawo amayang'ana kumwamba: adokowe akuda akayamba kuzungulira m'magulu cha mu Novembala, ndiye kuti mvula yayandikira, mbewu zikhale pafupi.

Kuona mbalame kungathe kubweretsa kandalama kwa achinyamata a kwa Nyalugwe odziwa kuperekeza alendo, malinga ngati mitengo ya m'magombe siithera ku makala.