Sileti, Taipilaita ndi Tabuleti m'Dziko la Ansenga

Maboma a Petauke ndi Nyimba ku Zambia, omwe ali m'mbali mwa msewu waukulu wa Great East kum'mawa kwa mtsinje wa Luangwa, ndi kwawo kwa Ansenga, ndipo luso la kulemba linafikako ndi amishoni kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Mpingo wa Dutch Reformed, umene unayamba ntchito ku Magwero mu 1899, unatsegula mishoni ya Nyanje mu 1905 ndi ya Hofmeyr, m'dera lomwe lero ndi Nyimba, mu 1914, pomwe ansembe achikatolika a White Fathers anakhazikika ku Minga mu 1923. Ngakhale anthu ankayankhula Chinsenga kunyumba, mabuku a kusukulu ndi a kutchalitchi anali a Chinyanja, kotero mwana ankaphunzira zilembo m'chiyankhulo cha anansi ake.

Cholembera choyamba m'sukulu za m'midzi chinali nthaka yeniyeniyo, pakuti ana ankasalaza dothi ndi chikhatho n'kumalemba ndi chala kapena kamtengo, kenako kunabwera sileti, lomwe ndi kamwala kakuda kaphanthiphanthi kozunguliridwa ndi thabwa, kolembedwa ndi pensulo yamwala. Sileti silinkafuna inki kapena pepala, ndipo limodzi linkatha kutumikira mwana ndi azing'ono ake onse, koma linali ndi chilema chimodzi chachikulu: mphunzitsi akangochonga, mwana ankafufuta ndi kansanza kuti apeze malo a phunziro lotsatira, motero zimene walemba m'mawa sizinkafika madzulo. Kope litayamba kupezeka, wophunzira anakhala ndi posunga ntchito yake, ndipo amuna amene ankapita kukagwira ntchito ku Southern Rhodesia ndi ku migodi ya Copperbelt anayamba kudalira makalata, omwe kawirikawiri mphunzitsi wa m'mudzi ndiye ankawerengera mabanja awo ndi kuwalembera yankho.

Kulemba kwa boma kunali ndi chipangizo chake. Kalaliki wa kwa DC, mkulu woyang'anira boma, ankagwiritsa ntchito taipilaita, makina okhala ndi mabatani a zilembo omwe amadinda mawu papepala, ndipo poika pepala la kaboni pakati ankatulutsa makope awiri kapena atatu nthawi imodzi. Kuyambira nthawi imeneyo panakhala mpanda pakati pa anthu ambiri odziwa kuwerenga ndi kulemba pamanja ndi anthu ochepa odziwa kutaipa, omwe chikalata chawo chinkalemekezedwa mu ofesi. Mpanda umenewu sunagwe ndi ufulu wa 1964, ndipo ndiwo ukufotokoza chifukwa chake funso la kiyibodi, yomwe ndi thabwa la mabatani otaipira pakompyuta, likadali lolemera m'maboma awiriwa.

Kunja, kampani ya Apple inatulutsa iPad mu 2010, ndipo dzina loti tabuleti linafala potanthauza kompyuta yopyapyala yoyendetsedwa pokhudza galasi lake ndi chala, yabwino powerenga ndi poonera koma yotopetsa polemba nkhani yaitali. Mu 2012 Microsoft inabweretsa Surface, yomwe chivundikiro chake ndi kiyibodi yochotseka, pomwe Lenovo inatulutsa Yoga, laputopu yomwe galasi lake limapindikira kumbuyo mpaka kusanduka tabuleti. Izi ndizo zipangizo za ntchito ziwiri, zomwe amalonda amati zimathetsa kufunika kogula makina awiri.

Zaka zomwezo, Zambia inasintha maphunziro ake, ndipo kuyambira 2014 phunziro la makompyuta linalowa m'Giredi 8 ndi 9. Mayeso oyamba ogwira makina, omwe analembedwa kumapeto kwa 2015, anaonetsa poyera kukula kwa umphawi wa zipangizo, popeza m'sukulu zambiri za m'dzikomo ana ankadikirana pa makompyuta owerengeka, magetsi n'kumazimazima, mwakuti ena anamaliza usiku. Chimene mayesowo ankafuna chinali mwana wodziwa kutaipa chikalata, kuchisunga ndi kuchisindikiza, luso lomwe silibwera ndi kusisita galasi la foni, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti ana a kumudzi anayesedwa pa chinthu chimene ambiri mwa iwo anangochiona chojambulidwa pabolodi.

Tabuleti inalowa m'kalasi kudzera khomo lina. Mu 2013 kampani ya iSchool ya ku Lusaka, yomwe ntchito yake inadzapitirira pansi pa dzina la Mwabu, inatulutsa ZEduPad, tabuleti yokhala ndi maphunziro a pulayimale m'Chingerezi ndi m'ziyankhulo za m'dzikomo, kuphatikizapo Chinyanja, osungidwa m'kati momwemo kuti asafune intaneti. Bungwe la Impact Network, lomwe linayambira ku Katete mu 2009, linatenga maphunziro amenewa n'kuwaika m'ndondomeko yake yotchedwa eSchool 360, ndipo mu 2017 linaifikitsa ku sukulu zoyambitsidwa ndi anthu a m'midzi m'maboma a Petauke ndi Sinda. M'kalasi yotere mphunzitsi, yemwe amalembedwa ntchito kuchokera m'dera lomwelo, amatchaja tabuleti ndi magetsi a sola, n'kuilumikiza ku pulojekita, kamakina kowalitsira zithunzi pakhoma, ndipo ana ena amamvetsera phunziro lolankhula pamene anzawo akulemba m'makope, kenako n'kusinthana. Ofufuza a American Institutes for Research atayerekeza sukuluzi ndi zina zofanana nazo, anapeza kuti ana ake anapita patsogolo kwambiri pa kuwerenga ndi masamu. Koma chimene chinayesedwa ndi ndondomeko yonse, momwe munalinso malipiro a mphunzitsi, mlangizi womuyendera sabata ndi sabata ndi magetsi odalirika, kotero sikoyenera kupereka ulemu wonse kwa makinawo. Umboni wa ku Peru ukugwirizana ndi chenjezo limeneli, pakuti kumeneko malaputopu a One Laptop per Child anagawidwa kwa ana ochuluka zedi, koma kafukufuku wa mu 2012 sanapeze kusintha pa masamu ndi chiyankhulo.

Kalembera wa anthu wa mu 2022, woyamba ku Zambia kuchitika popanda mafomu a pepala, anafikitsa tabuleti pakhomo lililonse, kuyambira m'midzi ya Mfumu Kalindawalo mpaka m'chigwa cha kwa Nyalugwe ndi kwa Luembe, m'manja mwa achinyamata owerenga anthu. Apa pakuoneka khalidwe lomwe latsata chipangizochi m'mbiri yake yonse kuno: chimabwera ngati katundu wa bungwe kapena wa boma, chokonzedwera ntchito imodzi, ndipo wochigula, wochitchaja ndi wochikonza chikawonongeka amakhala wina. Munthu wotulutsa ndalama m'thumba mwake amasenza yekha mitolo yonse itatu.

Choncho funso loti kaya tabuleti yosanduka laputopu ndi yoyenera kugula limayankhidwa ndi ntchito ya wogulayo komanso ndi malo amene amakhala. Chilala cha 2024, chomwe Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko mu Febuluwale chaka chomwecho, chinaphwetsa madzi a m'damu la Kariba mpaka kampani ya magetsi ya ZESCO inkazimitsa magetsi kwa maola pafupifupi 20 pa tsiku, ndipo m'nyengo yotere chipangizo chodya moto wochepa, chotheka kutchajidwa ndi kasola kakang'ono monga foni, chimaposa laputopu yakale yomwe batire lake limafa msanga. Mphunzitsi wolemba mapulani a maphunziro, mlangizi wa zaulimi wolemba mayina a alimi kumunda n'kukakonza lipoti madzulo, ndi wophunzira wa maphunziro a patali angathe kupindula nacho kwenikweni. Wogulitsa nthochi pamsewu ku Nyimba, yemwe chosowa chake ndi kulandira ndalama pa Airtel Money kapena MTN ndi kuyankhulana ndi odzapikula, foni imamukwanira.

Chopinga chachikulu ndi kukonza. Njinga inazika mizu m'chigawo cha Kum'mawa chifukwa pamsika uliwonse pali womata chubu ndi wogulitsa sipoko, koma tabuleti za ntchito ziwiri zambiri zimamangidwa ndi guluu, batire ndi galasi zili zomatirira, mwakuti galasi likasweka kapena kiyibodi ikaleka kugwira, mwini wake wa ku Petauke angafunike kuitumiza ku Lusaka, ulendo wa makilomita pafupifupi 400, kapena kudikira chitsulo chochokera kunja. Laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito, ya mitundu yofala monga HP, Dell kapena Lenovo, imatsegulidwa ndi sikuludiraiva wamba, ndipo amisiri a m'matauni amaidziwa. Palinso kusiyana kwa pulogalamu yoyendetsa makina, chifukwa tabuleti zotsika mtengo zimayendera Android, yomwe mapulogalamu ake olembera ndi owerengetsera ndi ochepekedwa, pamene zoyendera Windows, zomwe zimagwiradi ntchito yonse ya laputopu, mtengo wake umakwera, ndipo nthawi zambiri kiyibodi imagulitsidwa payokha. Kwa wogwira ntchito kutali ndi mawaya a ZESCO, wosamala katundu ndiponso woyendayenda, chipangizo cha ntchito ziwiri n'choyenera ndalama zake ngati wayamba watsimikiza kumene kuli wochikonza. Kwa sukulu yofuna kuti ana makumi anayi aphunzire kutaipa, ndalama yomweyo imagula malaputopu akale angapo ndi sola yowatchajira.