Mmene Mankhwala Awiri a Mphumu Analowera mu Inhela Imodzi

Mphumu imavutitsa munthu pawiri. Minofu yozungulira njira za mpweya imafinyika, ndipo m'kati mwa njirazo mumatupa n'kudzaza makhololo. Kufinyikako ndi kumene wodwala amamva usiku chifuwa chikamalira ngati mluzu. Kutupako kumakhalapobe mwakachetechete ngakhale masiku amene munthu akulima bwinobwino.

Kwa zaka zambiri madokotala ankalimbana makamaka ndi kufinyika. Mu 1956 kampani ya Riker ku America inatulutsa inhela yoyamba yopopa mulingo wofanana nthawi zonse. Koma m'zaka za m'ma 1960 imfa za mphumu zinakwera ku England ndi Wales, ndipo ofufuza analoza chala inhela zamphamvu za isoprenaline zimene anthu ankapopa mobwerezabwereza m'malo mothamangira kuchipatala. Salbutamol, wa mu inhela yabuluu ya Ventolin, anabwera mu 1969, ndipo sankagunditsa mtima kwambiri ngati isoprenaline.

Kutupa kunapeza mankhwala ake opopa mu 1972, pamene beclomethasone anayamba kupopedwa. Apa m'pamene panagona vuto. Yabuluu imamasula chifuwa m'mphindi zochepa, pomene ya beclomethasone ukapopa sumva kanthu. Phindu lake limadza patapita masiku kapena masabata. Ndani angamudzudzule wodwala amene anaiponya m'kabati n'kumayenda ndi yabuluu m'thumba? Salmeterol wa mu 1990, wotsegula chifuwa kwa maola 12, anaonetsa kuopsa kwa zimenezi: akapopedwa yekha amabisa kutupa, mpaka ena anamwalira.

Nzeru inali yoika mitundu iwiri ya mankhwalayi pamodzi, kuti wofuna mpumulo alandirenso mankhwala a kutupa. Seretide, wophatikiza salmeterol ndi fluticasone, anatuluka kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Symbicort, wa budesonide ndi formoterol, anatsatira posakhalitsa. Wachiwiriyu ndimamuona wofunika koposa, chifukwa formoterol amayamba kugwira msanga ngati salbutamol koma amakhalitsa. Inhela imodzi yomweyo imateteza m'mawa ndi madzulo, komanso imathandiza mphumu ikabuka. Chofunika n'kuchukucha mkamwa ukatha kupopa, kupewa zilonda zoyera.

Mu 2019 bungwe la GINA, loona za mphumu padziko lonse, linaleka kulimbikitsa salbutamol yekha kwa akulu ndi achinyamata, ngakhale a mphumu yochepa. WHO inali itaika kale budesonide ndi formoterol pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2017. Kuno kwathu mtengo wake ndi umene ukutchinga, ndipo odwala ambiri akudalirabe salbutamol yekha.