Kodi Oyera Mtima Amatimva?

Anzanga acinyamata, ambiri mwa inu mwaumvapo mkangano uwu kusukulu kapena pamaliro. Wina amati, "Inu mumapembedza akufa." Mnzake amabweza kuti, "Nanga iwe sumapempha abusa ako kuti akupempherere? Kodi munthu akafa waleka kukhala Mkristu?" Mau amakwera, ndipo aliyense amapita kwao ali ndi maganizo omwe anabwera nao. Ambiri amayesa kuti nkhaniyi inayamba ndi Martin Luther. Iai. Pamene Luther anali kubadwa mu 1483, mkanganowu unali utatha kale zaka zoposa 1,000.

Unayambira kumanda. Ca m'ma 155, Polycarp, bishopu wokalamba wa ku Smyrna (lero ndi Izmir, ku Turkey), anaphedwa cifukwa cokana kunyoza Kristu. Mpingo wake unalemba kalata yonena kuti anatola mafupa ake nawasunga monga cuma, ndipo anapangana kumasonkhana pamandapo caka ndi caka pa tsiku la imfa yake. M'kalatamo anasiyanitsa bwino lomwe kuti Kristu amam'pembedza monga Mwana wa Mulungu, koma ofera cikhulupiriro amangowakonda monga ophunzira a Ambuye. Mulibe pemphero lopita kwa Polycarp. Koma patapita zaka ngati 100, ku Rome, pamalo pamene lero pali chalichi ca San Sebastiano, alendo anali kuzokota pakhoma mau opempha Petro ndi Paulo kuti awapempherere. Zolembazo zikalipo, mazanamazana. Palibe msonkhano wa mabishopu umene unalamula zimenezi. Anthu wamba anangoyamba okha.

Ndipo anthu wamba sanalekere pa mau cabe. Ca m'ma 385, amai Monica, amake a Augustine, anacoka kwao ku Africa ya kumpoto kutsatira mwana wao ku Milan, ku Italy. Monga mwa cizolowezi ca kwao, ananyamula dengu la phala, buledi ndi vinyo kupita nalo kumanda a oyera mtima. Mlonda wa pakhomo anawabweza, kuti bishopu Ambrose analetsa. Zifukwa zake zinali ziwiri: ena anali kuledzera pamandapo, ndipo mwambowo unali kufanana kwambiri ndi maphwando amene akunja anali kucitira makolo ao akufa. Amai Monica anamvera osawiringula. Inu amene munamvapo agogo akusimba za ufa ndi mowa wothira patsinde pa mtengo, simungavutike kumvetsa cimene Ambrose anali kuopa.

Munthu amene anatsutsa poyera anali Vigilantius, wansembe wa ku Gaul, dziko limene lero ndi France. Buku lake linatayika. Zonse zimene timadziwa za maganizo ake tazimva kwa mdani wake Jerome, womasulira Baibulo m'Cilatini, amene anali kukhala ku Betelehemu. Vigilantius anadandaula ndi makandulo oyatsidwa dzuwa likuswa mtengo, ndiponso ndi anthu opsompsona fumbi la mafupa lokulungidwa m'nsalu yodula. Koma mfundo yake yaikulu inali yakuti tikali moyo tikhoza kupemphererana, koma munthu akafa pemphero lake lopempherera wina silimvekanso. Mizimu ya ofera cikhulupiriro ikupumula pamalo pamene Mulungu anaiika, ndipo siingapezeke pamanda paliponse pamene anthu akuiitana.

Jerome anayankha mu 406, ndipo akuti yankho lonselo analimaliza usiku umodzi. Ukali wake umaonekeradi. Dzina lakuti Vigilantius limatanthauza wokhala maso, tsono Jerome analitembenuza namucha Dormitantius, ndiye kuti watulo. Anam'sekanso kuti anali mwana wa wogulitsa vinyo. Ine ndimaona kuti pamenepa munthu wophunzira anadzicepetsa yekha, pakuti kutukwana sikuyankha funso. Komabe pakati pa matonzowo panali mfundo yolemera. Jerome anakana kuti Akristu amapembedza ofera cikhulupiriro. Kenaka anakumbutsa za Mose amene anapembedzera Aisraeli, za Stefano amene anapempherera om'ponya miyala, ndi za Paulo amene Mulungu anam'patsa miyoyo ya anthu 276 m'ngalawa. Ngati anatha kucita zimenezi akali m'thupi, kodi mphamvu yao icepe tsopano pamene ali pamodzi ndi Kristu?

Taonani bwino apa. Jerome anaonetsa kuti oyera mtima ali moyo ndipo akhoza kupemphera. Koma kodi amamva iwe ukawaitana kucokera m'cipinda cako? Funso limeneli linam'vuta ngakhale Augustine, bishopu wa ku Hippo, m'dziko limene lero ndi Algeria. Iye anakhulupirira kuti ofera cikhulupiriro amathandiza amoyo, ndipo anaphunzitsa kuti nsembe ya paguwa imaperekedwa kwa Mulungu yekha, osati kwa Petro, Paulo kapena Cyprian. Koma m'kabuku kamene analemba ca m'ma 421 ponena za kusamalira akufa, ananena kuti akufa paokha sadziwa zocitika pakati pathu. Umboni wake unali wokhudza mtima: akufa akadakhala kuti amalowerera nkhani za amoyo, amai ake Monica, amene anam'tsatira pamtunda ndi panyanja, sakadalephera kum'cezera usiku uliwonse. Za mmene thandizo la ofera cikhulupiriro limatifikira, anavomera kuti zinam'pitirira nzeru.

Mpingo unatsata Jerome, ndipo mau a Vigilantius anazilala kwa zaka mazana ambiri. Luther mwini anakulira m'mwambowo. Mu 1505, mphezi itam'gwera pafupi, anafuulira Anna Woyera kuti am'thandize, nalonjeza kukhala mmonke. Ku Wittenberg kumene anali kuphunzitsa, mfumu Frederick inali itasonkhanitsa tizidutswa ta mafupa ndi zinthu zina za oyera mtima toposa 19,000 pofika 1520.

Cimene ambiri sadziwa ndi cakuti otsatira Luther sanataye oyera mtima. Civomerezo ca ku Augsburg ca 1530 cinati tiziwakumbukira kuti titsanzire cikhulupiriro ndi nchito zao zabwino, koma Malembo saphunzitsa kuwaitana, popeza mkhalapakati wathu ndi mmodzi, Kristu (1 Timoteo 2:5). Mu 1531 Philip Melanchthon anafika povomera kuti oyera mtima kumwamba amapempherera Mpingo wonse. Cimene anakana ndi cakuti ife tiziwapempha, cifukwa m'Malembo mulibe lamulo, lonjezo kapena citsanzo ca zimenezo.

Akatolika anayankha pa Msonkhano wa ku Trent mu December 1563. Anati kupempha oyera mtima ndi cinthu cabwino ndi cothandiza, koma zabwino zonse zimacokera kwa Mulungu kudzera mwa Kristu, amene yekha ndiye Mpulumutsi. Analamulanso kuti zamatsenga, malonda ndi kuledzera pa zikondwerero za oyera mtima zithe. Patapita zaka pafupifupi 1,200, nkhawa ya Ambrose inali ikalipo. Akatolika amalozanso ku Civumbulutso 5:8, kumene akulu a kumwamba anyamula mapemphero a oyera mtima monga lubani, ndi ku 2 Amakabeo 15, kumene mneneri Yeremiya, atafa kale, akuoneka akupempherera mtundu wake. Mukalifuna buku lacwirilo m'Buku Lopatulika simulipeza, cifukwa Aprotestanti saliwerengera m'Malembo.

Ku Uganda, pa 3 June 1886, mfumu Mwanga inatentha anyamata acikristu pa Namugongo, Akatolika ndi Aanglikani pamoto umodzi. Ambiri anali a msinkhu wanu. Papa Paul VI analengeza Akatolika 22 kukhala oyera mtima mu 1964. Pa 3 June caka ciliconse makamu amafika pa Namugongo, ena atayenda pansi masiku ambiri. Pamalo a Akatolika amapempha Charles Lwanga ndi Kizito kuti awapempherere. Pamalo a Aanglikani, kamtunda pang'ono cabe, amayamika Mulungu cifukwa ca kulimba mtima kwa anyamata omwe anafera limodzi nao.