Dopi, Kanthu Kodzutsa Bingu

Munthu woyenda m'Chawama kapena m'Kanyama amaona maenje akuru odzala madzi. M'maenjemo ndimo munacokera miyala yomangira Lusaka, mudzi umene unasanduka likuru la dziko m'caka ca 1935. Ku Chilanga nako, kumene anayamba kupanga simenti mu 1951, mwala wa laimu ndiwo unali cuma. Thanthwe lotere silimva nyundo yokha, lifuna dainamaiti. Koma dainamaiti ndi waulesi, sadzuka yekha. Comdzutsa ndico kacitsulo kakang'ono kamene tifuna kulondola dzina lace.

Amuna amene anapita ku migodi ya ku Joni anamva Mabunu alikukachula doppie, ndipo lilime lathu linati dopi. M'cinenero ca Mabunu, dop ndico cikhokhombe, monga ca dzira, ndipo doppie ndiko kacikhokhombe. Poyamba dzinali linali la kacisoti ka mkuwa koyatsira onga m'mfuti zonga gogodela za makolo athu. Pambuyo pace linalowa m'mgodi.

Angelezi amati detonator, kucokera ku liu la Cilatini lakuti tonare, ndiko kugunda kwa bingu. Mwini nzeruyi ndiye Alfred Nobel wa ku Sweden. Mu 1865 iye anaika mankhwala osacedwa kuphulika m'kapaipi ka mkuwa, kuti kugunda kwa kapaipiko kudzutse mankhwala akuru. Mu 1867 analembetsa dainamaiti. Mankhwala a m'kapaipimo dzina lao ndi fulminate, kucokera ku fulmen, ndiyo mphezi.

Tsono taonani kusiyana kwace. Ophunzira anacha kanthuka poyang'ana mphamvu yace, nati bingu ndi mphezi. Anchito anakacha poyang'ana maonekedwe ace, nati kacikhokhombe. Onse ananena zoona, koma dzina la anchito liri ndi msampha, pakuti limapeputsa cinthu coopsya. Mwana akatola kacitsulo konyezimira pafupi ndi pophulitsira miyala, amayesa coseweretsa. Akakagogoda ndi mwala kapena kukaponya pamoto, zala ndi maso zimapita.

Cifukwa cace, inu makolo a ku Matero, Kalingalinga, Mtendere ndi George, pophunzitsa ana dzina lakuti dopi, musaleke kuwauza tanthauzo la dzina linalo, kuti m'kacikhokhombemo mugona bingu. Akakaona asakhudze, koma akauze akuru, ndipo akuruwo aitane apolisi.