AKUNDA NDI MABUKU A CIGWA CA LUANGWA

Munthu akhoza kusowa pa njira ziwiri. Ena asowa cifukwa acoka, koma ena asowa ali pompo, cifukwa owayang'ana alikufuna kuona cinthu cina. Ralph Ellison, mlembi wakuda wa ku Amereka, anasindikiza buku m'caka ca 1952 lochedwa Invisible Man, lonena za munthu wakuda amene anthu anakana kumuona, ndipo ali yense anafuna kumuumba monga mwa cifuniro cace. Zofanana ndi izi zinawagwera Akunda a m'boma la Mambwe, m'cigwa ca Luangwa.

Akulu a Akunda amati makolo ao anacokera ku Uluwa, napyola dziko la Abisa, natsika mapiri a Mucinga motsogozedwa ndi Mambwe. Mafumu ao ndiwo Nsefu, amene ali wamkulu, Jumbe, Kakumbi, Malama, Mnkhanya ndi Msoro. Ngakhale dzina lao lomwe lidawapatsa bvuto m'mabuku, pakuti owerenga ambiri amawasokoneza ndi Acikunda a ku Zambezi, amene anali asilikari ndi akapolo a Apwitikizi. Mitundu iwiriyi njosiyana kutali.

Pa Msoro panayambika mishoni ya Anglican. Woiyamba anali Leonard Kamungu, wansembe Wacicewa wocokera ku Nkhotakota, amene anamwalira pomwepo m'caka ca 1913. Azungu amene anabwera m'mbuyo mwace anagwira nchito yao m'Cinsenga, ndipo mmodzi wa iwo, A. S. B. Ranger, anatulutsa buku lophunzitsa Cinsengaco m'caka ca 1928. Pa nthawi yomweyo Boma la Northern Rhodesia linali litasankha zinenero zinai za m'masukulu: Cinyanja, Cibemba, Citonga ndi Silozi. Kum'mawa konse kunagwera Cinyanja.

Tsono mwana wa Mkunda anakula ndi malilime atatu. Kwa amai ace anamva Cikunda, m'calichi anapemphera m'Cinsenga kapena m'Cinyanja, ndipo pa sileti analemba Cinyanja ndi Cingerezi. Mau a kwao akalowa m'zolemba zace, anawerengedwa colakwa. Pamene bungwe losindikiza mabuku la Northern Rhodesia ndi Nyasaland linakhazikitsidwa m'caka ca 1948, alembi akuda anapeza khomo lotseguka, koma lolowera m'zinenero zazikulu zomwezo. Mnyamata wa kwa Jumbe wofuna kuti nthano ya agogo ace isindikizidwe anayenera kuibveka cinenero ca eni, ndipo wowerenga wa ku Lusaka sakadadziwa kuti mwini nthanoyo ndi Mkunda. Palibe anamletsa kulemba. Anangomuuza kuti ayambe wafanana ndi ena.

Mabuku a Cingerezi anabisa anthuwa mwa njira ina. E. H. Lane Poole, bwana wa Boma, analemba mbiri ya mitundu ya kum'mawa m'caka ca 1934, naikamo Akunda. Koma analembera Azungu anzace olamulira dziko, osati Akundawo. Pambuyo pace cigwaci cinachuka cifukwa ca nyama. Nkhalango yace inapatulidwa m'caka ca 1938, ndipo m'caka ca 1972 inakhala South Luangwa National Park. Norman Carr analemba Return to the Wild m'caka ca 1962, ndipo mikango iwiri imene iye analera, Big Boy ndi Little Boy, inadziwika maina kutsidya kwa nyanja kopambana mafumu onse asanu ndi mmodzi.

Si bwino kumnenera Carr zoipa zokha, pakuti iye anakonda cigwaci nakhalamo mpaka imfa yace m'caka ca 1997. Ndiye amene m'caka ca 1950 anapangana ndi Mfumu Nsefu kuti apatule malo osungiramo nyama, ndi kuti ndarama za alendo zipite ku thumba la mfumu. Koma cinthu coyenera kucilingalira ndi ici: wopereka dzikolo anali Nsefu, ndipo odziwa mapazi a njobvu anali anthu ace, komabe mbiri yace inamveka pa dziko lonse pakamwa pa mlendo. Mlembi alemba cimene ogula buku afuna, ndipo ogula a ku London anafuna mikango. Munthu wakuda anaonekamo kawirikawiri atasenza katundu kapena mfuti.

Ngakhale zinatero, Akunda sanataye mbiri yao. Anaisunga m'maina a mafuko ao, m'nthano za madzulo, ndi pa mwambo wa Malaila umene acitira kwa Mfumu Nsefu. Cobvuta ncakuti zosungidwa pakamwa zimapita kumanda ndi nkhalamba. Akale anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Mnyamata kapena mtsikana wa m'cigwa amene watsiriza sukulu ali ndi colembera cimene agogo ace analibe. Akakhala pansi ndi nkhalamba ya m'mudzi mwao, nalemba mau ace monga iwachula, osawakonza kuti afanane ndi a m'buku, wowerenga adzayamba kuona anthu pamene kale anaona nyama zokha.