Fort Johnston M'maso mwa Agogo a Zaka 100

M'mudzi mwathu, kufupi ndi pamene mtsinje wa Shire umatulukira m'nyanja, tili ndi agogo aakazi amene akwanitsa zaka 100. Mpaka lero satchula dzina loti Mangochi. Amati Fort Johnston, kapena kungoti ku Boma.

Amatiuza kuti pa utsikana wawo munda sunali wa chimanga chokha. Ankalima mapira, mawere, chinangwa ndi nandolo, ndipo usipa wouma ankasinthanitsa ndi chakudya cha anthu a kumtunda. Mashileni ndi mapeni ankafunika makamaka pokhoma msonkho ndi pogula nsalu kumasitolo a Amwenye. Msonkhowo unapititsa amuna ambiri ku Salisbury ndi ku Joni, minda n'kutsala m'manja mwa akazi.

Chaka chimene sachiiwala ndi 1949. Mvula inadula, chimanga chinauma chisanakhwime, ndipo anthu anayenda mitunda italiitali kukasuma. Agogo amati mabanja amene anali ndi chinangwa ndi mapira anapirirako. Za ufulu wa 1964 ndi kubwera kwa kwacha mu 1971 amangozitchula mwachidule, koma za njalayo amafotokoza mpaka dzuwa kulowa.

Lero ambirife tadalira chimanga ndi feteleza, ndipo mvula ikavuta timasowa pogwira. Mapira ndi mawere zikusowa m'nkhokwe zathu, ndipo odziwa kasungidwe ka mbewu zake atsala ochepa. Tikhale pamphasa ndi agogowa, tiwafunse akadali ndi mphamvu zotiyankha.